Makina Amene Sanamve za Maliro

Pulinta ya malemu Alfonsi Daka inayamba kulira Lachiwiri m'mawa, mwini wake ali m'firiji ya kuchipatala kuyambira Loweruka.

Sajeni Yosefina Miti anali yekha mu ofesi ya malemuyo, atanjuta, akuyang'ana pamene magazi anaumira pasimenti. Sanakhudze kanthu. Anangomva kuti kete! Kenako kachitsulo ka m'kati mwa pulinta kanathamangira kumanzere, n'kubwerera kumanja, phokoso lija n'kuyamba, lolasa m'makutu ngati nyenje za m'chilimwe. Pepala linatuluka, linapindika, linatsika pang'onopang'ono mpaka linakhudza nsapato yake.

Sanakuwe. Pambuyo pake ankanyadira zimenezo, ngakhale kuti zoona zake n'zakuti mawu ndiwo anakana kutuluka.

Kunja kwa chitseko ndiye kunali chipwirikiti. Mpando unagwa. Makalaliki a kampani ya mbewu imene Alfonsi ankagwirako ntchito anapanikizana pakhomo ngati mbuzi zotuluka m'khola. Konsitabo Boaz, amene ntchito yake inali yolondera chitsekocho, anapezeka ali kale tsidya lina la msewu, pafupi ndi mayi wootcha chimanga, chipewa chili m'manja.

“A Sajeni, tulukanimo!” anafuula ali komweko. “Munthu ameneyo sanapite!”

Yosefina anatola pepalalo. Panali mayina a alimi a ku Chipangali ndi midzi yawo. Dzina loyamba linali lodukiza, linangoyambira pakati, ngati munthu amene amudula mawu kenako n'kupitiriza pomwe anasiyira.

Nkhaniyo, malinga ndi a Insipekitala, inali yotha kale. Alfonsi, mnyamata wa digiri amene ankasamala kompyuta ya kampaniyo, anamenyedwa kunkhongo ndi mwala wa sikelo Loweruka la Ncwala, mwambo waukulu wa Angoni. Tsikulo tawuni yonse ya Chipata inali itakhuthukira kumwambowo ku Mtenguleni, ndi dokotala yemwe, ndipo atabwerako anangolemba kuti munthuyo anafa “pakati pa m'mawa ndi masana.” Koma mboni ziwiri zinamva pulinta ikuyamba kulira cha m'ma 2 koloko. Munthu wakufa satayipa, choncho pa 2 koloko Alfonsi anali moyo. Ndipo pa nthawi imeneyo m'nyumbamo munali munthu wina mmodzi yekha: Ketilina Sakala, amake Ruth, mayi wamasiye wa ku Kapata amene ankasesa ndi kupanga tiyi. Tsopano anali m'chitokosi, akudikira kukaonekera kukhoti Lachinayi pa mlandu umene chilango chake chinali chingwe.

Yosefina atafunsa kuti mayiyo akanamupheranji mnyamatayo, a Insipekitala anati, “Mkazi wamasiye, mnyamata, ofesi yopanda anthu. Zinazo malizani nokha.” Iye anayesa kumaliza yekha, koma sizinkamalizika.

Boaz anabwerera pulinta ikulirabe, koma anaima pamalire a khonde.

“Ndinakuuzani Loweruka lomwe lija, inu munandiseka,” anatero. “Tinaipeza ikulira. Tikujambula, ikulira. Tikuyeza, ikulira. Titangonyamula mtembo chonchi, inangoti zii. Palibe anaigwira. Inadziwa kuti mwini wake watuluka.”

“Ndiye lero wabwerera?”

“Mzimu wa munthu wophedwa susowa thiransipoti, a Sajeni.”

“Pa nthawi imene inasiya kulira iwe unali pati?”

Boaz anayang'ana chipewa chake. “Pompano. Pa ntchito.”

* * *

Mboni yoyamba inali Ketilina yemweyo. Yachiwiri inali Che Buruhani, telala amene ankasokera pakhonde la nyumba yomweyo, kunsi kwa zenera la Alfonsi. Yosefina anamupeza akupalasa makina ake ngati palibe chachitika, mapini atatu ali kukamwa.

“Inu simunathawe, Che Buruhani?”

“Ndithawe ndisiye diresi la mwini? Mama, akufa sandiopsa ine. Amene amandiopsa ndi azimayi amene ndawalonjeza Lachitatu.” Anachotsa mapiniwo. “Komabe ndawerenga kapemphero, ndisaname.”

“Ndiuzeninso za Loweruka.”

“Ndinanena kale. Ndabwera kuchokera kumzikiti, swala ya masana itatha, ndakhala pansi, ndalowetsa ulusi, basi chinthu chija chayamba. Tswii, tswii. Ndinati, ehe, bwana wamng'ono wadzuka.”

“Wadzuka? Anali atagona?”

“Ndi kayankhulidwe chabe. M'mawa wonse munali chete umo. Chete wa kumanda, Mulungu andikhululukire.”

“Munamuona ndi maso tsikulo?”

“Polowa, m'mamawa. Anandipatsa moni, n'kuti, ‘Amalume, ndibwera dzuwa lisanafike pamutu mudzandiyese jekete.’” Telalayo analoza ndi chibwano suti yabuluu imene inapachikidwa pamsomali, mkono umodzi usanalumikizidwe. “Ya ukwati imeneyo. Amati akamange Pasaka ikangodutsa. Ndinachedwa kumzikiti pomudikira. Sanabwere.”

“Mwina anatanganidwa.”

“Mama, ndayamba kusoka inu musanabadwe. Munthu wa suti ya ukwati sachedwa. Amene amachedwa ndi wa suti ya kukhoti.”

“Zimenezi munawauza apolisi?”

“Anandifunsa za masana, ndinawayankha za masana. Munthu akakupatsa nsalu ya kabudula sumusokera thalauzi.”

Yosefina anayang'ana sutiyo. Mphepo inali kugwedeza mkono umodzi uja.

“Ndani anatuluka m'nyumbamu m'mawa?”

“Bwana wamkulu yekha, a Thole, cha m'ma 10 koloko. Atavala zikopa zawo, nthenga kumutu, chishango m'manja. Mimba ndiyo inali patsogolo kutsogolera nkhondo.”

* * *

A Lazaro Thole, manijala wa kampaniyo, anamulandira Yosefina ataimirira, akumwetulira ngati munthu amene wazolowera kulandira alendo ochokera ku Lusaka. Chithunzi chinali kale patebulo, chitatembenuzidwira kwa mlendo.

“Ndikudziwa kuti ndi ntchito yanu, mwana wanga, funsani. Koma onani apa. Uyu ndine, ndikuponda ngoma pamaso pa mafumu onse. Wojambula alipo, mungamufunse. Kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa ndinali ku Mtenguleni. Mboni zanga si ziwiri kapena zitatu, ndi mtundu wonse wa Angoni.”

“Palibe wakutsutsani, a Thole.”

“Zikomo. Mnyamata uja ndinali kumukonda ngati mwana wanga. Mayi uja ndinamulemba ntchito chifukwa cha chifundo. Onani malipiro a chifundo.” Anapukusa mutu. Kuseri kwa khoma pulinta inali kulirabe, ndipo Yosefina anaona kuti nthawi iliyonse kachitsulo kaja kakabwerera, chikope cha a Thole chinkaphethira. “Chinthu icho chizimidwe. Antchito akukana kulowa. Ndaitanitsa galimoto ichitengere ku Lusaka mawa.”

“Ndi umboni wa polisi. Sichichoka.”

“Umboni wa chiyani? Wa mizukwa?”

Pazenera Yosefina ankaona anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna ndi akazi a kumudzi, ena atagwira mapesi a chimanga. Mapesiwo anali ofika m'mawondo, koma atamasula kale ngayaye, opanda chisononkho ngakhale chimodzi.

“Anthu aja akudikira ndani?”

“A ku Chipangali awo. Akuti mbewu imene tinawagulitsa siyinabereke. Ine ndine Mulungu, ndigwetse mvula?” Anaseka. “Mlimi, mwana wanga, akakolola amathokoza Mulungu, akalephera amatukwana kampani.”

“Mayina amene akutuluka m'pulintamo ndi awo?”

Kumwetulira kuja kunakhalapobe, koma maso anali atachokapo.

“Za makina aja ankazidziwa ndi malemu yekha,” anatero a Thole. “Ndipo wapita nazo.”

* * *

Sanapite nazo zonse. Che Buruhani anamuuza Yosefina kuti ku Down Shops, m'sitolo ya misomali ndi malata, muli mtsikana amene anaphunzira limodzi ndi Alfonsi ku yunivesite. Dzina lake linali Tasnim. Anabwerera ku Chipata ndi digiri ya makompyuta kudzayeza utoto m'zitini za bambo ake.

Tasnim anamvetsera osadula mawu, kenako anakonza mpango wake kumutu, n'kuuza bambo ake kuti akubwera.

Atafika pakhomo la chipinda cha Alfonsi anaima. Pulinta inali itatulutsa mulu wa mapepala pansi, mapepala aja olumikizana okhala ndi timabowo m'mbali. Anayang'ana banga la pasimenti kamodzi kokha, n'kulilambalala, n'kukhala pampando wa malemuyo. Pakompyutapo panali pepala lomata lolembedwa ndi dzanja kuti MUSAZIME. Apolisi analimvera lamulolo kuposa malamulo ambiri.

Zala zake zinayenda pamabatani. Zilembo zobiriwira zinakwera pagalasi. Patapita kanthawi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuletsa misozi.

“Wamakani uyu. Anachitadi.”

“Anachita chiyani? Mundiuze m'Chinyanja, asisi, Chingerezi cha makina sindinaphunzire.”

Tasnim anatembenuza mpando. “M'kati mwa kompyuta muli kapitawo wake. Timamutcha kenelo. Chilichonse chogogoda chimagogoda kwa iye: batani, disiki, pulinta. Koma akamayankha mmodzi, khutu lake limatsekeka kwa ena onse. Ndiye sachedwa pakhomo. Amangoti ‘ndamva,’ ntchito yeniyeniyo n'kuiika pamzere kuti aigwire akapeza mpata.”

“Mpatawo amaupeza liti?”

“Nthawi zambiri inu musanaphethire n'komwe. Koma nthawi zina ntchito imafika kutsogolo kwa mzere n'kupeza kuti pulinta siyikuyankha. Apo kenelo amayesa kangapo, n'kutaya mtima, n'kulemba kuti zakanika. Alfonsi zimenezo zinkamunyansa. Ankati makina otaya ntchito ndi makina opanda mwambo. Ndiye analowa m'katimo n'kusintha. Pulinta ikapanda kuyankha, ntchito ija imabwerera kumchira kwa mzere. Ikafikanso kutsogolo imafunsanso. Ikapanda kuyankhidwa imabwereranso. Siyitopa.”

Yosefina anali kuona chigayo cha ku Kapata magetsi atathima.

“Ngati kuchigayo,” anatero pang'onopang'ono. “Timasiya zitini pamzere n'kupita kwathu.”

“Chimodzimodzi.”

“Chigayo chikalira madzulo, sindiye kuti eni chimanga aima pomwepo.”

“Angakhale ali kumunda. Angakhale...” Tasnim sanamalize. Anayang'ana galasilo. “Ntchito iyi anaitumiza yekha Alfonsi, Loweruka. Inadukira pakati. Kuyambira tsiku lija yakhala ikuzungulira umu, chitseko chotseka, ikufunsa pulinta kuti ulipo? Ulipo? Ulipo? Usana ndi usiku. Palibe anaiuza. Makinawa sanamve za maliro.”

Yosefina anayang'ana pulinta ija ikutulutsabe mayina. Mzukwa wa Boaz unali bwino. Umenewo ukanatha ndi madzi odalitsa.

“Mungadziwe nthawi imene anaitumiza?”

“Ayi. Akanadzera njira ya masiku onse bwenzi nthawi italembedwa. Koma iye ankakonda kanjira kake kachidule, kolunjika ku pulinta. Chitini cha pamzere sichinena kuti chinafika liti.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. “Sabata yatha anabwera kusitolo. Anandifunsa kuti ndani wakhala akugula utoto wobiriwira wambirimbiri, uja wa ufa. Ndinamuuza kuti ndi galimoto ya kampani yawo yomwe. Anangoti alimi aja ayenera kuitanidwa mmodzimmodzi ndi mayina awo.”

Mbewu yeniyeni ya chimanga imabwera itapakidwa mankhwala obiriwira. Yosefina anakulira kumudzi, sanafunike kuuzidwa kuti chimanga cha m'nkhokwe chikapakidwa utoto chimaoneka bwanji m'thumba la kampani.

“Chabwino,” anatero. “Koma n'chiyani chingaletse pulinta kuyankha, kenako n'kuyankha yokha?”

Tasnim anagwada, n'kugwira chingwe cha magetsi cha pulintayo, n'kuyamba kuchitsata ndi dzanja. Chinadutsa kuseri kwa kabati, chinatsata khoma. Sichinapite pa soketi ya kompyuta. Chinalowa pakabowo koboola ndi msomali waukulu, n'kuzimiririka kuseri kwa khoma.

“Uko kuli chiyani?” anafunsa Tasnim.

* * *

Kunali kakhitchini, kopapatiza ngati chimbudzi cha m'basi. Tebulo, makapu, ketulo, ndi soketi imodzi yokha pakhoma. Chingwe chija chinatulukira pakabowo n'kulowa pa soketiyo. Pulagi ya ketulo inali lende pambali.

Sesiliya, mtsikana wotayipa makalata, anachita kukokedwa kuchokera panja. Analowa atagwira korona.

“Ine sindinachite kanthu, a Sajeni, ndikulumbira. Ine ndangolowa m'mawa kudzatsuka kapu yanga, popeza amake Ruth kulibe, ndiye makapu onse ali mbuu, apolisi anamwera osatsuka, pepani, sindikunena inu. Ndiye ndaona ketulo ili pa soketi. Ndati, ii, a Daka akanakalipa. Iwo ankati mukatha tiyi muzibweza pulagi ya pulinta. Ndiye ndabweza. Ndikutembenuka chonchi, ndangomva chayamba kukuwa. Mayo ine! Kapu ndaisiya pomwepo.”

“Unabweza pulagi, kenako inalira?”

“Nthawi yomweyo. Anakwiya kuti tinachedwa kubweza.”

Yosefina anagwira pulagiyo n'kuizula. Kuseri kwa khoma phokoso linaduka, nyumba yonse inangoti zii. Sesiliya anapsompsona korona wake. Yosefina anadikira, n'kuibwezera. Kete! Tswii, tswii.

“Boaz!”

Konsitabo anasuzumira.

“Loweruka, anzako akunyamula mtembo, iwe unali pati?”

“Pa ntchito, a Sajeni.”

“Ntchito yanji?”

Boaz anayang'ana ketulo, ketulo inamuyang'ana. “A Insipekitala anati kukhosi kwawauma.”

“Ndiye unazula pulagi imene unaipeza, n'kuikapo ketulo.”

“Soketi ndi imodzi, a Sajeni.”

“Mzukwa wako ndi umenewo. Umamwa tiyi wa shuga atatu.”

Tasnim sanaseke. Anali ataima pakhomo, manja atapinda. “Izi zangotsegula chitseko, a Sajeni. Sizikunena kuti anafa m'mawa. Zikungonena kuti phokoso la 2 koloko silinali lake. Wina anabweza pulagi nthawi imeneyo. Funso ndi lakuti anaizula nthawi yanji.”

Yosefina anali atayamba kale kuyang'ana patebulopo. Pansi pa thireyi ya makapu panali bulangete lakale lopindidwa kanayi, ndipo pakati pake panali chipsera chofiirira, chosongoka kutsogolo ngati bwato. Tiyi sasiya chipsera chotero.

* * *

M'chitokosi cha azimayi munkanunkha mankhwala ophera tizilombo ndi thukuta. Dzuwa la masana linkalowera pakazenera ka m'mwamba n'kugwera pamapazi a Ketilina Sakala. Anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, chitenje cha mpingo atafunda m'mapewa. Korona anamulanda polowa, ndiye ankawerengera pa mfundo za zala.

Yosefina anakhala naye pansi pomwepo.

“Amake Ruth, mwadya?”

“Ruth anabweretsa, mwana wanga. Koma chakudya sichikutsika.”

“Ndabwera ndi funso limodzi. Loweruka munasita chiyani muofesi muja?”

Zala zija zinaima. Mayiyo anayang'ana kukhomo, kenako pansi.

“A Thole adziwa?”

“Amai, Lachinayi mukupita kukhoti pa mlandu wakupha munthu. Mukuopa a Thole?”

“Iwo anati amene adzagwiritse magetsi a kampani pa zake adzachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ine kupha sindinaphe, zimenezo Mulungu aona. Koma kusita ndinasita. Zinali nsalu za paguwa. Sabata imeneyo inali ya mphakati wathu wa kutchalitchi. Kwathu simbi ndi ya makala, mwana wanga, imalavula phulusa. Chaka chatha ndinaboola nsalu ya Ambuye, amayi anzanga anandinena mwezi wathunthu. Ndiye ndinabwereka simbi ya magetsi kwa aphunzitsi oyandikana nawo.”

“Pulagi ya pulinta munaizula nthawi yanji?”

“M'mawa, ndisanayambe n'kusesa komwe. Ndinayamba ndi kuwiritsa madzi ochapira. Ndinamupempha mwana uja. Anati, ‘Amama, zulani, musadandaule, makina anga amadziwa kudikira.’ Ankandilola masiku onse. Sananenepo kwa abwana ngakhale kamodzi.”

“Munaibweza liti?”

“Nditatha kusita. Nsalu zinayamba zauma kaye padzuwa. Ndinabweza, iye n'kuyamba ntchito yake nthawi yomweyo, monga ankachitira. Ndikabweza, kanyali kamayaka kwakeko, iye amaona, ndiye amayamba kutayipa. Ndinati, ii, ndamuchedwetsa mwana wa eni. Ndiye ndinamupangira tiyi wa pachitofu cha palafini kuti ndisazulenso. Ndinagogoda. Ndinati, ‘Odi, bambo, pepani ndakuchedwetsani, Mulungu akudalitseni pamodzi ndi mkazi mukutengayo.’ Sanayankhe. Iye akatanganidwa sankayankha. Ndinasiya kapu pakhomo. Nditabweranso ndi pamene ndinaona pepala likutuluka pansi pa chitseko, likukwawa, lili ndi magazi.”

Yosefina anasankha mawu ake mosamala.

“Amai, makina aja sadikira kuti munthu atayipe. Ntchito amakhala ataisunga kale. Mukabweza pulagi amayamba okha, kaya mwini wake alipo kaya palibe.”

Ketilina anamuyang'ana m'maso.

“Ndiye pamene ndinkagogoda paja...”

“Sindikudziwa. Mwina.”

“Ndinkadalitsa ukwati wa munthu wakufa?”

Kunja wapolisi wina anali kukangana ndi woledzera za lamba. Mayiyo anakoka chitenje, n'kudziphimba nacho mpaka m'khosi ngati kwazizira.

“Ine ndi amene ndinauza apolisi kuti anali moyo,” anatero. “Ndinalumbira. Ndinati ndinamumva ndi makutu angawa.”

“Munanena zimene munamva. Tsopano ndikufuna za m'mawa. Palibe anakufunsani za m'mawa?”

“Anati za m'mawa alibe nazo ntchito.”

“Ine ndili nazo ntchito. Mutazula pulagi munapita kuti?”

“Kuseri, kumpopi, kukachapa. Ndinakhala komweko mpaka nsalu zonse zitayanikidwa.”

“Munamva kanthu? Kukangana? Chinthu kugwa?”

“Mpopi uja umachita phokoso m'beseni. Sindinamve kanthu.”

“Munaona munthu?”

“Ayi. Kupatula abwana, pamene anadzasamba m'manja.”

Yosefina anafunsa ndi mawu omwe aja, ngati akufunsa mtengo wa tomato.

“A Thole anabwera kumpopi?”

“Atavala kale za Ncwala. Anatulukira khomo la kuseri, akupuma ngati athamanga. Atandiona anadzidzimuka, anati, ‘Iwe, ukutani kuno Loweruka?’ Ine mtima unali pa simbi ija, kuti asalowe m'khitchini. Ndiye ndinafulumira, ndinatunga madzi m'jagi.”

“M'manja mwawo munali chiyani?”

Maso a Ketilina anakula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuona chinthu chikutuluka m'madzi.

“Anati apha nkhuku ya paulendo,” ananong'ona. “Tsiku la Ncwala aliyense amapha kanthu. Sindinaganize. Anali ofiira mpaka m'zigongono umu. Ndinati nkhuku yake inali yaikulu.”

“Nkhukuyo munaiona? Nthenga? Mpeni?”

“Ayi.”

“Anapukutira chiyani?”

Apa mayiyo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mawu anatuluka kudzera m'zala.

“Anakoka imene inali pafupi pachingwe. Kansalu kaja koyala pansi pa chikho. Ine ndinaopa kuwaletsa. Ndinakachapanso, ndinakapaka sopo, ndinakayanika padzuwa, koma pakona panatsala kabanga. Ndinakapinda kuti kabangako kakhale kunsi.”

“Kali kuti tsopano?”

“Ruth anakapereka Loweruka lomwelo madzulo, pamodzi ndi zinazo. Abambo anachitirapo Misa Lamulungu.”

Yosefina anaimirira. Anaganiza za galimoto ya mawa yopita ku Lusaka, za chithunzi chija chotembenuzidwira kwa mlendo, za a Insipekitala amene adzafunike kuuzidwa kuti tiyi wawo ali m'nkhaniyi. Choyamba chinali kutchalitchi, amayi a mphakati wina asanatenge nsaluzo kukachapa. Anagogoda chitseko chachitsulo kuti amutsegulire, n'kuuza wapolisi wa pakhomo kuti abweretse pepala ndi cholembera, abwezenso korona wa mayiyu.

“Lachinayi kukhoti mupitabe, amake Ruth,” anatero. “Koma mukaima mbali ya mboni. Mudzatha kunena zimenezi a Thole akukuyang'anani?”

Ketilina sanali kumuyang'ana iye. Anali kuyang'ana manja ake, atawatambasula pamwendo, ngati jagi ija ikadali momwemo.

“Ndidzanena,” anatero. “Ndinawathirira madzi nditagwada, mwana wanga. Atatha ndinawauza kuti muyende bwino.”